Mkanda wa Gogo Edwina

Zaka khumi ndi zinayi zimene Agatha Chikaonda anafufuza milandu ku polisi kwathu zinamuphunzitsa kuti wakuba amalankhula kwambiri. Umufunse dzina, akupatsa dzina, mudzi, ndi kumene anali Lachiwiri lapitalo iwe usanafunse n'komwe. Ndiye atakhala moyang'anana ndi Alinane m'kachipinda ka mtsikanayo ku Bradford, mnzakeyo ali duu, maso ali pa kapeti, Agatha anadziwa kuti pamenepa pali nkhani ina.

"Iwe, ndakhala pano theka la ola ndipo tiyi wazizira. Mkandawo unatenga?"

"Sindinatenge, anti."

"Unausintha ndi wina?"

"Ayi."

"Nanga unatani nawo?"

Zii.

Nkhani yake inali yotere. Awiriwa ankagwira ntchito pa kampani imodzi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Kwa zaka ziwiri Alinane ankasamalira Gogo Edwina, mzungu wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri, amene mutu unayamba kuwathawa. Anaiwala msewu wakwawo, anaiwala kuti amuna awo anamwalira, masiku ena ankaiwala ndi mwana wawo yemwe. Chimene sanaiwale chinali mkanda wasiliva wa miyala yabuluu umene ankauvala tsiku ndi tsiku. Sabata yathayi, Lachitatu, mwana wawo Fiona anabwera kuchokera ku Leeds n'kupeza mayi ake akulira, mkanda uli pansi, ndipo m'maso mwake sunali womwe uja. Anaimbira foni kampani. Alinane anamuimitsa ntchito tsiku lomwelo.

Lero linali Lachiwiri. Lachisanu mabwana adzakhala pansi, ndipo akadzalemba kuti ndi wakuba, nkhani idzapita ku polisi, viza idzathera pomwepo, ndipo dzina limenelo lidzafika kwawo ku Dedza mwini wake asanakwere ndege. Amalawi a kuno nkhani yotere sagona nayo.

"Za viza zisiyeni, anti," anatero Alinane. "Gogo akuganiza kuti ndinawabera. Ine amene ndimawawenga zikhadabo. Ine amene amandiitana dzina pamene la mwana wawo lawasowa."

"Ndiye lankhula ndikuthandize."

Mtsikanayo anangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Agatha anadzuka kukasiya makapu kukhitchini, ndipo kumeneko anakumana ndi mapoto a Alinane, akuda kunsi ndi m'mbali momwe, wina uli ndi mpunga wa dzana.

"Mapoto akowa mayi ako atawaona angakomoke," anatero, pofuna kuti mwina aseke. Sanaseke.

*

Mwayi wake unali woti kampani inatumiza Agatha yemweyo kukagwira mashifiti a Alinane. Lachitatu m'mawa anatsegula kabokosi ka kiyi ka pakhomo la Gogo Edwina, nagunditsa foni ya ntchito pa kachizindikiro ka pachitseko kuti ofesi idziwe kuti wafika, n'kulowa.

Gogo anali pampando wawo pafupi ndi zenera. Anali atatha thupi m'sabata imodzi yokha. Chala chawo chachikulu chinkangosisita pachifuwa pamene pankakhala mkanda, ndipo phala limene Agatha anawakonzera sanaliyang'ane. Fiona anali pomwepo, wamtali, maso ofiira, wolankhula Chizungu chodukizadukiza cha munthu amene sanagone.

"Ndamva kuti munali wapolisi. Onani nokha."

Anaika patebulo chithunzi ndi mkanda. Pa chithunzipo mkandawo unali wakuda bii m'makwinya mwake, timipira tasiliva tothimbirira, m'mbali muli tinthu tooneka ngati maluwa a maungu asanatseguke, ndipo pansi pakulendewera kamwezi kokhota ka miyala yabuluu kwambiri. Wapatebulowo maonekedwe ake anali omwewo, koma unkawala mothobwa m'maso, ndipo miyala yake inali yotuwa, yopita ku mtundu wa masamba.

"Bambo anga anaugula mu 1968 ku Arizona, kwa banja la mmisiri wa mtundu wa Navajo. Unali wakale kale pamene ankaugula. Uwu ndi wa pamsika."

"Ku ofesi akuti kulira kunayamba Lolemba la sabata yatha. Ndani analowa muno tsiku limenelo?"

"Alinane yekha. Foni yake ikuonetsa eyiti koloko mpaka thu koloko. Wa shifiti ya madzulo analemba kuti anapeza mayi akulira kale."

"Ndipo inu munafika Lachitatu."

"Eya. Ndipo chikundipweteka n'chiyani mukudziwa? Nditalowa ndinamuyamikira mumtima. Khitchini inali mbee. Mapoto a mayi amene anada ine ndili mwana, ketulo, zogwirira za zitseko, zonse zikuwala. Ndinati mtsikanayu ndimugulira mphatso. Kenako ndinalowa muno."

Agatha anapita kukhitchini. Anatsitsa poto mmodzi pamene anapachikidwa, namutembenuza. Kunsi kwake munthu akanatha kudzionerapo nkhope. Anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anabwerera kwa Fiona.

"Kodi mkandawu wauonapo munthu wodziwa za siliva?"

"Chifukwa chiyani? Ndine mwana wawo. Ndikuudziwa."

"Tiyeni tikaufunse wokha. Mwina uli ndi zonena."

*

Sitolo ya a Hassan inali m'kanjira kena mkati mwa Leeds, yopapatiza, yonunkhira chitsulo ndi tiyi wa zokometsera. Eni ake anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, amene akayamba kulankhula umafunika kupeza pokhala. Anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, naunyamula mkandawo ndi manja awiri.

"Aa, mwana wanga, mwana wanga," anatero, akulankhula ndi mkandawo osati ndi azimayiwo. "Wakuchita zimenezi ndani? Unamulakwira chiyani?"

"Ndi wabodza, eti?" anafunsa Fiona.

"Wabodza? Mayi, khalani pansi. Zaka makumi anayi ndili m'sitolo muno, yoteroyi yadutsa m'manja mwanga itatu yokha. Onani kampira aka. Mukuona mzere pakati? Ndi timbale tiwiri tosulidwa pamanja n'kulumikizidwa. Kena n'kokulirapo, kena n'kopendekeka pang'ono. Makina sapendekeka, mayi, amapendekeka ndi munthu. Ndipatseni chithunzicho. Apa, kamwezika kali ndi kachipsera kumanzere. Apanso nkaka. Mkanda wake ndi womwewu."

Fiona anakhala pansi.

"Nanga mtundu wa miyala?" anafunsa Agatha.

"Mwala uwu amautcha tekoizi, ndipo umamwa ngati mkate. Wina anauviika m'madzi otentha, mwina a soda, mwina a viniga, mwina zonse ziwiri. Amisiri akale ankaika utuchi kunsi kwa mwala kuti ukhazikike. Utuchiwo wafufuma, onani mwala uwu watukuka, ukugwedera. Atatha kuuviika anaukwecha. Osati mwachipongwe ayi. Kampira kalikonse, kakwinya kalikonse, kutsogolo ndi kuseri. Ntchito ya maola awiri kapena atatu. Wakuba alibe nthawi imeneyo. Amene anachita izi anachita ndi mtima wake wonse, ndipo n'chifukwa chake wawononga chonchi."

Anatenga kopanira kakang'ono, natokosa pakati pa timipira tiwiri, n'kutulutsa kanthu kochepa ngati tsitsi. Anakaika pa pepala loyera. Kanali kawaya kokwechera mapoto.

"Mungaubwezeretse?" Mawu a Fiona anali atachepa.

"Ndikhoza kuudetsa ndi mankhwala, ukhala wakuda ndithu. Koma kuda kujaku kunali kwa thukuta la mayi anu ndi la amene anauvala iwo asanauvale. Zala zawo zidziwa kusiyana kwake. Za miyalayi, pepani. Buluu uja sabweranso."

Panja mvula inali kuwaza. Fiona anaima pakhonde la sitoloyo, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Ndiye kuti anangoutsuka. Bwanji sananene? Ndikanakwiya, koma sindikanamutcha wakuba."

Maganizo a Agatha anali kwina. Anali kuganiza za mpunga wa dzana uja. Alinane kukwecha chinthu maola atatu? Alinane wake uti? Manja amene anawalitsa mapoto aja anakulira pa mchenga ndi phulusa, ndipo sanali a mtsikana wa foni ameneyu.

M'basi yobwerera ku Bradford anayamba kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Lachitatu, Lachiwiri, Lolemba. Lolemba la sabata yathayo iye anali kuti? Anali ku Salford, kutchalitchi, pa mwambo wotsanzikana ndi a Nathaniel thupi lawo lisanakwere ndege kupita kumudzi. Ndipo a Nathaniel anali malume ake a Alinane, amene anamulera ndi kumuphunzitsa sukulu. Cha m'ma leveni koloko Agatha yemweyu ndi amene anamugwira mtsikanayo m'chiuno atafuna kugwa pafupi ndi bokosi.

Foni inali ku Bradford. Mwini wake anali ku Salford. Umboni umene ukanamupulumutsa ndi umene ankaubisa.

Ndiye funso linatsala limodzi, ndipo silinali loti ndani analipo. Ndani amene kunalibe? Pa maliro aja mpunga unapserera ndipo ndiwo zinachepa, azimayi akungogundana kukhitchini ya tchalitchi, aliyense akufunsa funso lomwelo. Agatha anatsamiritsa mutu pagalasi la basi. Mlandu anali ataupeza, koma chimwemwe chimene ankamva kale akapeza mlandu sichinabwere.

*

Mayi Modester sanaphonyepo maliro a Mmalawi aliyense kuyambira ku Leeds mpaka ku Salford, kupatula a Lolemba lija. Ndiwo ankagawa ntchito, ndiwo ankadziwa kuti anthu zana amadya makilogalamu angati. Anali a zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo kwa miyezi iwiri tsopano anali pakhomo, chifukwa kampani imene inawabweretsa inalandidwa chilolezo. Ankafunafuna ina yoti iwatenge masiku a viza yawo asanathe. Kupezeka akugwira ntchito m'nyumba imene sanatumidwe kukanatseka khomo lililonse limene linatsala.

Lachinayi m'mawa anatsegula chitseko Agatha asanagogode kachiwiri.

"Lowani, apolisi. Ndimadziwa kuti mubwera. Ndakhala ndikupemphera kuti mufulumire."

M'nyumbamo chilichonse chinali kuwala. Alinane anali pa mpando wapakona. Atamuona Agatha anabisa nkhope m'manja.

"Mwanayu anapempha tsiku limodzi," anayamba Mayi Modester, atakhala pansi n'kuyala manja pa chitenje. "Tsiku limodzi lokha. Ku ofesi anamufunsa kuti wamwalira ndani. Iye n'kuti malume. Iwo akuti malume si m'bale wapafupi, pa pepala lawo pali mayi, bambo, mwamuna ndi mwana basi. Malume si m'bale wapafupi. Inu munamvapo zotero? Anabwera kuno akulira. Ine ndinati pita ukawaperekeze malume ako, ndipatse foniyo ndi manambala a kiyi. Ntchitoyi ndaigwira zaka zitatu, sindingalephere kusambitsa gogo mmodzi."

"Anakupatsani kanthu?"

"Pa maliro? Musandinyoze, Agatha."

"Pepani. Pitirizani."

"Ndinawasambitsa bwinobwino, ndinawadzoza mafuta, anadya, tinaseka. Munthu wabwino. Posamba ndinawavula mkanda uja, ndipo nditauona ndinamva chisoni. Wakuda, litsiro lokhalokha m'makwinya. Ndinati ana a masiku ano, munthu wamkulu chonchi kumusiya akuvala zimenezi pakhosi, alibe omusamala kodi? Atagona pampando ndinayamba ndi mapoto, kenako ndinati ndiwachitire kanthu kabwino, akadzuka asangalale. Ndinawiritsa madzi. Ndinaukwecha mpaka zala izi kusupuka." Anatambasula manja. Nsonga za zala zinali zikadali ndi timabala. "Atadzuka ndinawaveka, ndinawabweretsera galasi. Ndinali kumwetulira, Agatha. Anaugwira chonchi, kamodzi, kawiri. Kenako anakuwa. Kukuwa kumeneko sindinakumvepo ngakhale pa maliro."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinafuna kupita kukaulula tsiku lomwe anamuimitsa ntchito. Mwanayu anandigwira miyendo. Akuti mukanena, tipita tonse awiri."

"Anandithandiza, anti," anatero Alinane. "Anandithandiza pamene wina aliyense analibe nazo ntchito. Ndiwabwezere zimenezi?"

Agatha anawayang'ana onse awiri. Chifundo chinaphadi nkhwali. Ku polisi ankati ukapeza wolakwa wamaliza ntchito, koma apa panalibe woti n'kumumanga, ndipo choonadi chimene anachipeza chikanavulaza anthu awiri m'malo mwa mmodzi. Zinamuwawa kwambiri, mpaka analakalaka akanapanda kutembenuza poto uja.

"Ine sindikakunenerani," anatero pomaliza. "Koma mawa akalemba dzina la mwanayu, ndipo likalembedwa silifufutika."

Mayi Modester anali atayamba kale kuvala jekete.

*

Fiona anawalandirira onse atatu kukhitchini kwa Gogo Edwina. Asananene chilichonse Mayi Modester anagwada pa matailosi ozizira aja, ndipo Fiona anabwerera m'mbuyo, wosadziwa chochita ndi mayi wamkulu wogwada pamaso pake. Anafotokoza zonse m'Chizungu chawo chapang'onopang'ono, osasiya kanthu, osadzichepetsera mlandu. Atafika pa galasi paja Fiona anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Kenako Fiona anawatembenukira.

"Dzukani, chonde. Sindingathe kulankhula nanu muli pansi." Anapumira m'mwamba. "Ndilemba kuti palibe chinabedwa. Ndilemba lero. Koma munthu amene sindikumudziwa analowa m'nyumba ya mayi anga ndi kuwavula zovala, ndipo zimenezo sindingabise. Andifunsa kuti anali ndani." Anayang'ana Mayi Modester, kenako zala zawo zija. "Dzina lanu simunandiuze. Musandiuze."

Onse anamva tanthauzo lake. Mayi Modester apulumuka. Amene anapereka foni ndi manambala a kiyi ntchito yamuthera, ndipo kampani ina yomutenga ndi mbiri imeneyo idzavuta kuipeza.

"Zikomo," anatero Alinane, ndipo ananena kuchokera pansi pa mtima. "Kwathu ndikafika ngati munthu amene anapita ku maliro a malume ake. Zimenezo ndikhoza kuzisenza." Anazengereza pang'ono. "Ndingawatsanzike Gogo? Ndikufuna ndiwauze ndekha kuti sindinawabere."

Fiona anamutsegulira chitseko cha pabalaza.

Gogo Edwina anali pampando paja, mkanda uli pa katebulo pambali pawo pamene mwana wawo anauika, iwo osaukhudza. Alinane anagwada pafupi ndi mawondo awo monga ankachitira m'mawa uliwonse powaveka masokosi.

"Gogo, ndine. Ndabwera."

Nkhope yokalambayo inatembenuka pang'onopang'ono, ndipo maso anawala. Anamuzindikira.

"Alinane," anatero, momveka bwino.

"Eya, Gogo. Mkanda wanu sunabedwe. Ndi uwu. Ndi womwe uja, anangoutsuka. Fiona akudziwa, funsani Fiona."

"Ndi zoona, mayi," anatero Fiona ali pakhomo. "Ndinalakwitsa ndine. Ndi womwe uja."

Gogo anayang'ana mkandawo, nayang'ana mwana wawo ngati mlendo amene walowerera nkhani za eni. Kenako anabwerera kwa Alinane. Anakweza dzanja n'kumusisita tsaya, mwachikondi, monga ankachitira kale.

"Ndinkakukonda, mwana iwe," anatero. "Ukanandipempha ndikanakupatsa. Unandiberanji?"

Alinane anatsegula pakamwa, koma panalibe mawu amene akanalowa m'mutu umenewo n'kukhalamo mpaka mawa. Anagwira dzanja lija, nalibweza pa bulangete mosamala, n'kukonza pamene linapindika.

"Pepani, Gogo," anatero.